Achemwali a ku Chibavi, za jimu zija khalani pansi kaye

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Akuti wasunga kandalama, akufuna kutsegula jimu, malo ochitirako zolimbitsa thupi, yokhala ndi chipinda cha masaji ndi sauna (kachipinda kotentha kotulutsiramo thukuta) kuno ku Mzuzu, ndiye akufunsa kuti mpamba wake ungakhale zingati. Ndinawerenga, n'kuika foni pansi pa pilo, koma tulo osabwera. Achemwali, mwandikanda pachilonda, ndiye mupirire, ndiyamba ndalongolola zanga.

Ine zitsulo ndinayamba kunyamula ndili mnyamata, kuseri kwa nyumba ya amalume ku Zolozolo. Ndikuti zitsulo, koma zinali zitini ziwiri za penti zothiramo simenti, paipi yamadzi pakati. Benchi inali thabwa la ku Chikangawa losanjika pa njerwa. Palibe ankadziwa kulemera kwake, tinkangoti "yaikulu ija" ndi "yaing'ono ija". Pamenepo pankadzaza anyamata madzulo aliwonse, mvula kaya dzuwa, ndipo palibe amene analowetsapo tambala. Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzirapo kanthu pamenepo. Koma mu 2022 nditasiya ntchito n'kulandira ndalama zanga, mutu unadzaza zithunzi za pa Facebook: majimu a ku Johannesburg, magalasi khoma lonse, makina ali ndandanda ngati ng'ombe pa dibi. Ndinati Mzuzu nayo ikuyenera zoterezi, ndipo wobweretsa ndine.

Nyumba ndinaipeza kufupi ndi tauni. Alandilodi anafuna lendi ya miyezi itatu ndisanaone n'kiyi womwe. Pansi panali pong'aluka, chimbudzi chimodzi, mawaya amagetsi oti ukalumikiza ketulo ndi ayironi nthawi imodzi zonse zimathima. Zonsezo ndinakonza ndi ndalama zanga m'nyumba ya mwini, ndipo pangano lolembedwa panalibe, tinangogwirana chanza ngati anthu opemphera. Chitsulo chisanalowe n'chimodzi chomwe, gawo lalikulu la mpamba linali litamira m'makoma a munthu wina.

Kenako ma treadmill, makina othamangirapo uli pamalo amodzi. Awiri, ogwiritsidwapo kale ntchito, kudzera kwa mkulu wina wa ku Dar es Salaam amene ananditumizira vidiyo makinawo akuyenda bwinobwino. Ndinalipira theka kumayambiriro kwa Meyi. Kumapeto kwa Meyi yemweyo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo theka lotsalalo linali la madola. Onjezani lole yochokera ku Dar, msonkho pa chipata cha Songwe, ndi ejenti wina amene foni yake inakhala sabata ziwiri "sakupezeka". Tsiku limene lole inakwera Chiweta n'kufika, ndinasangalala ngati mkazi wanga wachira kuchipatala. Titamasula, tinapeza kuti makina amodzi ndi a ku America, a magetsi a 110, pomwe athu kuno ndi a 230. Ndinakagulanso thiransifoma. Mu vidiyo muja za pulagi sanaonetse, ndipo ine sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Mukumbukire kuti ndi chaka chimene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mu Januwale, ndiye magetsi ankazima maola ambiri. Anthu akuweruka kuntchito faifi koloko, afika pa jimu, mdima uli bii, makina anga awiri ali duu, anthu akupachikapo matawulo. Ndinagula jenereta. Jenereta imafuna petulo, ndipo kumapeto kwa chakacho petuloyo tinkachita kumugonera pa mzere. Madzulo ena magetsi anabwerera ndi ukali, ndinangomva kafungo ka pulasitiki yopserera. Bodi ya makina amodzi inapita pomwepo. Amisiri atatu anaiyang'ana, aliyense anadyapo yake, makina osadzuka.

Ndiye ndinene mosapsatira: treadmill ku Mzuzu ndi uchitsiru kwa munthu woyamba kumene. Poyamba ndimati ndinene kuti "muganizire bwino", koma ayi, ndi uchitsiru basi. Mzinda uno ndi wa zitunda, mphepo yake yozizira bwino. Munthu wofuna kuthamanga angoyamba msewu wa ku Nkhata Bay kapena kulowera ku Kaning'ina, akabwerako mapapo atatsuka. Taonani anyamata a Sacramento, a njinga za kabaza aja, akupalasa kukwera chitunda, kumbuyo atanyamula mayi ndi thumba la makala. Akatumba a miyendo imeneyo munawaona pa jimu iti? Ife tikugula makina a madola kuti munthu aziyenda pamalo amodzi, pomwe panja msewu ndi waulere.

Zimene anthu ankalipira kwa ine, ndinazindikira mochedwa, ndi anzawo. Kalasi ya aerobics ya madzulo, sipika imodzi, mtsikana mmodzi wodziwa kuwerenga masitepe ndi kukuwa, ndi imene inkalipira lendi. Amayi a m'mabanki, anamwino, aphunzitsi, ankabwera kudzatuluka thukuta ndi kudzaseka. Wina akajomba masiku awiri, anzake ankamuimbira foni. Makina saimbira munthu foni.

Apa ndipatuke pang'ono. Amayi anga atandiona mimba itaphwa anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndinapita kukayezetsa. Kwathu kuno kunenepa ndi umboni woti zinthu zikuyenda, kuonda ndi nkhani ya anthu. Ndiye musaganize kuti mukalemba "bwerani mudzaonde" anthu akhamukira. Makasitomala anga okhulupirika anali amene dokotala wawauza kuti BP yakwera kapena shuga wayamba. Amenewo sajomba, chifukwa aopsezedwa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye mukamuuza bambo wa zaka 50 kuti ndi mphindi 30 zokha masiku asanu, amaona kuti n'zotheka. Kamakina koyezera BP ndi sikelo ndi zinthu zotsika mtengo kwambiri pa zonse zimene ndinagula, koma ndi zimene zinkabweza anthu. Kungoti musasanduke dokotala. Mwaona nambala yakwera, muuzeni munthuyo apite ku Central kapena kuchipatala chimene amapita, osati kuyamba kumugulitsa tiyi wochepetsa mimba. Amene amagulitsa matiyi amenewo m'majimu ndilibe nawo mawu abwino.

Nanga nyengo? Aliyense amene anandipangira masamu anaiwala Juni ndi Julayi. Chifunga chili tolo, mawawa akugwa, ndani angatuluke m'bulangete faifi koloko m'mawa? Kalasi ya m'mawa inatsala anthu atatu, mmodzi mwa iwo ine. Ochepa obwerawo ankafuna madzi otentha osamba asanapite ku ofesi, ndipo giza imadya mayunitsi ngati njovu m'munda wa chimanga. Chinyezi chomwecho chimadyanso zitsulo. Ndodo yonyamulira ukaisiya sabata osapukuta ndi kamafuta, dzimbiri layamba. Januwale naye ndi wachinyengo: anthu amabwera ndi malonjezo a chaka chatsopano, matumba ali mbee chifukwa cha fizi ndi feteleza. Ana a ku Mzuni amadzaza malo, koma sukulu ikatsekera amasowa onse tsiku limodzi ngati ngumbi. Lendi yokha ndiyo sipita ku holide.

Ndiye pali abale ndi anzathu a kutchalitchi. "Achimwene, ndingoyamba, mwezi ukatha ndikuonani." Mwezi unatha kangati? Kabuku kanga ka ngongole kanali konenepa kuposa ka malisiti. Lero wosalipira salowa, kaya ndi mlamu. Atumize pa Mpamba kapena Airtel Money ali pakhomo pomwepo, uthenga ulire m'foni mwanga, ndiye avule jekete.

Za masaji ndi sauna zanuzo. Chitofu cha sauna, ngakhale yaing'ono, chimakoka magetsi ngati maketulo atatu kapena anayi oyaka nthawi imodzi, ndipo chimayenera kuyaka kwa kanthawi munthu asanalowe. Muwotchera anthu angati pa tsiku? Masaji ndiye safuna zambiri: bedi, mafuta, matawulo oyera ndi munthu amene anaphunziradi ntchitoyo. Koma Mzuzu ndi mudzi waukulu, achemwali. Mawu oti masaji ena amawamva mwina, ndipo mbiri ikaipa kamodzi amayi apabanja aja sabweranso, amuna awo awaletsa. Ngati muchita, chipinda chikhale poonekera, nthawi yake ikhale masana, wosisita amayi akhale mayi.

Ine chinandimaliza ndi Novembala 2023. Kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700, kubanki kumeneko, komwe dolayo sumupezanso. Lamba wa makina otsala aja anali atatha, mtengo wa watsopano unangondiseketsa. Alandilodi nawo anati zinthu zakwera. Pa Khirisimasi ndinabweza kiyi, matailosi anga ndi mawaya anga n'kutsala momwemo. Pano muli shopu ya zovala, ndikamadutsa ndimaona pansi pakuwala bwino.

Nanga zingati?

Nambala imodzi sindikupatsani, chifukwa mtengo wa lero pofika mwezi wamawa ukhala nthano. Chitani masamu awa m'malo mwake. Lembani zotuluka mwezi uliwonse: lendi, mphunzitsi, mlonda, wokolopa, magetsi, madzi. Tiyerekeze kuti zakwana K900,000 ndipo munthu mukumulipiritsa K30,000 pa mwezi. Ndiye kuti anthu 30 oyamba akugwirira ntchito alandilodi ndi mabilu, inu simunadyepo. Poti nyengo yozizira ambiri amathawa, m'buku mwanu mufunika mayina okwana kawiri pamenepo. Ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi, K5,400,000 m'chitsanzo chathuchi, muike padera osaikhudza. Yotsalayo ndiye mpamba wanu weniweni. Ngati palibe chotsala, simunakonzeke kuchita lendi nyumba.

Ndipo mwina simukufunika nyumba n'komwe. Ine pano ndimalipira holo pa ola, katatu pa sabata. Sipika yotchaja, timphasa ta pulasitiki, zingwe zodumphira, zambiri mwa izi pa Taifa Market zimapezeka. Anthu atakwana ndi pomwe ndinamanga kashedi ka malata. Mabenchi ndi zoikapo zitsulo anandiwotcherera awelda a konkuno, ndinangowaonetsa chithunzi ndi miyeso, n'kuumirira chitsulo chochindikala. Chokhacho chimene musachite chipangirepangire ndi ndodo yonyamulira. Yeniyeni imalemera makilogalamu 20 ndipo siipindika wamba. Paipi ikathyokera pachifuwa cha mwana wa eni, mlandu wake simungauthe.

Mapepala

Dzina la bizinesi mukalembetse ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN mukatenge ku MRA, layisensi ku khonsolo ya mzinda, ndipo imeneyi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Poti muziliza nyimbo pagulu, a COSOMA, bungwe loteteza eni nyimbo, nawo ali ndi gawo lawo. Mukalemba antchito okhazikika, lamulo la penshoni limati olemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Pangano la nyumba likhale lolembedwa, linene kuti lendi ikwera liti ndiponso kuti zimene mwakonza zichotsedwa bwanji pa lendiyo. Pamenepa musachite manyazi ngakhale alandilodi ali mkulu wa mpingo.

Ngongole ndiye ayi. Reserve Bank itaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, mabanki amaonjezerapo zawo pamwamba. Jimu yongoyamba singathamange liwiro limenelo. Banki mkhonde mwina, pogulira sipika. Katapila musayandikire n'komwe, ndinaona mnzanga wa saluni akutulutsidwa sofa ana akuonera.

Simunandiuze ngati inuyo mumaphunzitsa nokha kapena mudzalemba munthu, ndipo zimenezi zimasintha zambiri, chifukwa mphunzitsi wabwino akachoka amapita ndi anthu ake onse. Zinandichitikira kawiri. Mundilemberenso pa nkhani imeneyo. Kapena mungobwera Loweruka sikisi koloko m'mawa mudzaone kalasi yathu, mudzawerenge nokha mitu ya anthu, mutenge juzi. Mukaumirirabe pa treadmill, ija ya lamba wakutha ilipo pakhonde kwathu. Mayi akunyumba amayanikapo zovala za ana mvula ikamagwa, ndiye za mtengo mukakambirane ndi iwowo.