Zoti Chanel ndi ndani komanso anatchukiranji

Achemwali mwafunsa kuti kodi Chanel yemwe timamuona pa mabotolo a pafyumu ndi zikwama ndi munthu kapena dzina chabe la kampani. Anali munthu ndithu, mayi wachi French, dzina lake lenileni Gabrielle Chanel koma ankangomutchula kuti Coco. Anabadwa 1883 ku Saumur mu umphawi wadzaoneni, mayi ake atamwalira bambo ake anangomusiya, nde kusoka ndi komwe kunamutulutsa.

Anayamba ndi zipewa ku Paris mu 1910, koma chomwe chinamukweza nchoti nthawi imeneyo azimayi ankamangidwa m'chiuno ndi ma corset mpaka kupuma movutikira, iye nkutenga nsalu ya jersey yomwe ankasokera zovala zamkati za azibambo nkusoka madiresi omasuka oti munthu utha kuyenda, kukhala pansi, kugwira ntchito osamva kufinyika. Pafyumu ya No. 5 inatuluka 1921, kadiresi kakuda komwe iye anasoka kanatchuka 1926 pomwe chakuda ambiri ankati ncha pamaliro basi.

Koma mbiri yake siyoyera ayi. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayamba anatseka shopu, nkumakhala ku hotelo ya Ritz ku Paris ali pachibwenzi ndi mkulu wina wa ma Nazi, Majeremani a Hitler omwe analanda France nthawi imeneyo, ineyo pamenepa sindimuikira kumbuyo olo pang'ono. Nkhondo ikutha anakakhala ku Switzerland, nkubwerera pa ntchito 1954 atakwanitsa kale zaka 70, kachikwama ka tcheni kokolekera paphewa kaja nka 1955. Anamwalira 1971, ndipo kampaniyo pano ili m'manja mwa banja la Wertheimer.