Musalipire Marilyn ameneyo asanamutulutse m'fulemu

Achimwene, ndangoona Marilyn wapinki amene mwaikayo, chithunzi cha Marilyn Monroe chimene mukufuna kugula monga ntchito ya katswiri wa zojambula Andy Warhol, mtima wanga wagunda. Musatumize ndalama. Muuzeni wogulitsayo atulutse pepalalo m'fulemu, ajambule kumbuyo konse, ngodya zonse zinayi.

Ine anandidyera ndalama chimodzimodzi. Bambo wina wa sitolo ya zinthu zakale ku London, wolankhula mofatsa ngati m'busa. Anati Marilyn amene ankagulitsayo ndi wa 1967, wa gulu lija la Factory Additions, kampani yosindikiza ya Warhol mwiniwake, mitundu khumi, uliwonse makope 250. Anandionetsa sayini ya pensulo kutsogolo, pakona yam'munsi, ndi kalata ya chidindo chagolide. Utoto unali wa silkscreen ndithu (wodindidwa kudzera pa nsalu yonga sefa), wokhuthala, wopanda timadontho ta makina osindikizira wamba a offset, kukula kwake mainchesi 36 mbali zonse. Mtengo akuti watsika chifukwa mwini wake wamwalira ndipo ana akufuna ndalama msanga. Ndinapereka zonse zimene ndinkasungira ulendo wakumudzi.

Tsiku limene ndinapita nacho kwa mayi wokonza mafulemu kuti aike galasi loteteza ku dzuwa sindidzaliiwala. Anazula timisomali, nachotsa katoni yakumbuyo. Pansi pake panali pepala lina loyera, lomatidwa ndi guluu. Anayamba kulimatula pang'onopang'ono ndi kampeni, ine nditaima pambali, manja ali thukuta lokhalokha. Kenako kunatulukira inki yabuluu. Chidindo china cholembedwa kuti published by Sunday B. Morning, china fill in your own signature, kutanthauza kuti lembanipo sayini yanu. Mayiwo anangoika kampeni pansi, osanena kanthu. Miyendo inandizizira, ndinakhala pa mpando wawo wa utuchi. Guluuyo anali atadya kale pepala, mawanga achikasu atayamba kuonekera kutsogolo pa tsitsi.

A Sunday B. Morning, osindikiza makope otengera zithunzi za Warhol, sindikuwadandaula, iwo amadinda poyera kuti zawo si za Warhol. Zoyamba za 1970 zili ndi chidindo chakuda, zotuluka pambuyo pake chabuluu, ndipo anthu amazigula akudziwa. Wakuba ndi amene anaphimba chidindocho n'kulemba sayini ndi dzanja lake. Nditabwerera ku sitolo ija, bambo uja anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sananenepo kuti ndi chenicheni, risiti yalembedwa Marilyn print basi. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kunama osaphethira! Mpaka lero ndikamadutsa msewu umenewo ndimawolokera tsidya lina.

Dziwani kuti Marilyn enieni a 1967 sayini yake ndi nambala zimakhala kumbuyo. Yakutsogolo ngati ili pa wanuyo ikuchenjezeni. Makalata musawakhulupirire, bungwe lomwe linkatsimikizira ntchito za Warhol linatsekedwa mu 2012, ndiye aliyense wa printer akudzilembera yake. Tengani nambala ya m'buku la Feldman ndi Schellmann, mndandanda wa zosindikizidwa za Warhol, Marilyn ali pa II.22 mpaka II.31, muyerekeze mitundu yake.

Komabe muumirire kuti akupatseni kalata, alembe chaka, wosindikiza ndi nambala ya kope pa risiti, asayine. Ndipo akakana kutsegula fulemu koma inu mwamukondadi Marilyn wanuyo, mutengeni, amakongoletsa khoma kwambiri, bola mulipire mtengo wa Sunday B. Morning. Mukafika naye kunyumba musamatule nokha chilichonse kumbuyoko, ndipo musamupachike moyang'anana ndi zenera, pinki amafwifwa msanga.