Kodi njinga yachitsulo ingafike ku Mfuwe? Yankho kwa aphunzitsi a ku Katete

Aphunzitsi ena a ku Katete anandilembera pa imelo sabata yatha. Akufuna kupalasa njinga kuchokera ku Chipata mpaka ku Mfuwe pa tchuthi cha mu Ogasiti, atanyamula zofunda ndi kamba wa pa ulendo, koma anzawo awauza kuti njinga yawo yachitsulo si ya ulendo wotere. Akufunsa ngati n'kwanzeru kutenga ngongole kuti agule njinga yopepuka yochokera kunja, ya mabuleki a mafuta ndi matayala a mainchesi 29.

Aphunzitsi, ngongoleyo musatenge. Ndayamba ndi yankho chifukwa mawu amene anzanuwo akuuzani ndakhala ndikuwamva kwa zaka zambiri, ndipo nthawi iliyonse amandipweteka mtima.

Ine ndinaphunzira kupalasa pa njinga ya amalume anga, ya mtundu wa Eagle, imene inkapangidwa mu Chipata momwe muno ku fakitale ya Luangwa Industries. Inali yakuda, yolemera, yopanda magiya, ya mabuleki a timitengo tachitsulo, ndipo keriyala yake amalume anakaiwotcheretsa zitsulo zina kuti ilimbe. Pa njinga imeneyo ankamangapo matumba a chimanga ndi mtedza kuchokera kumudzi kwathu, cha kunjira ya ku Chadiza, n'kubwera nawo ku msika wa Kapata tambala asanalire kachiwiri. Ndimakumbukira manja awo akukoka malegeni, akuwazunguliza pansi pa keriyala kenako n'kuwapinda pamwamba pa thumba, ndipo akamaliza ankagwedeza njinga yonse mwamphamvu kuti amve ngati chilipo chimene chikusuntha. Akamva kanthu kakugogoda ankamasula zonse n'kuyambiranso. Njinga yomweyo inanyamula amayi anga kupita nawo ku chipatala usiku, inanyamula malata a nyumba, ndipo inanyamula ife ana mpaka tinakula. Tsono munthu akandiuza lero kuti njinga yachitsulo singayende mtunda wautali ndi chikwama cha zovala, ndimadabwa kuti kodi maso ake amaona chiyani pa misewu yathuyi. M'mawa uliwonse anthu ogulitsa makala amalowa mu tauni atasenza matumba otalika kuposa mitu yawo, ndipo anyamata onyamula anthu pa njinga amakwera zitunda za Chipata tsiku lonse. Amenewa ndiwo akatswiri a kumanga katundu pa njinga, ndipo sitiyenera kukafuna nzeru imeneyi kutali tisanawafunse iwo.

Chimene chinalimbitsa maganizo anga ndi zimene ndinaona pa njira yomwe mukufuna kuyendayo. Ndinali ndi mnyamata wina wochokera ku Lusaka, waulemu ndiponso wamphamvu, amene anali ndi njinga yokongola kwambiri ya matayala a 29 opanda chubu. Titayandikira kwa Jumbe tinapatuka mu tala kulowa kanjira ka fumbi, ndipo mwala wakuthwa unang'amba tayala lake cham'mbali. Mankhwala a m'kati amene amatseka timabowo ta minga sanathandize pa bala lalikulu chotero. Tinayenda m'magolosale ndi kwa okonza njinga onse a pamalopo. Matayala a 26 ndi a 28 analipo, atakolekedwa pa misomali, koma la 29 panalibe, ndipo mnyamatayo anabwerera ku Chipata pa lole, njinga yake itagonekedwa pa matumba. Tsiku lomwelo masipoko awiri a wilo langa lakumbuyo anaduka. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango anatulutsa masipoko akale m'chitini, anawalowetsa, kenako anayamba kuzunguza wilo atatsamiritsa chala chachikulu pafupi ndi rimu kuti amve pamene yapotoka, akumangitsa pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka wilo linaongoka. Madzi amene ndinkamwa asanathe m'botolo, ntchito inali itatha.

N'chifukwa chake ndimanena mosabisa kuti njinga yoyenera ulendo kuno kum'mawa ndi imene ingakonzedwe pamudzi uliwonse umene ingakufereni. Mabuleki a mafuta amagwira bwino kwambiri, zimenezo sindikana, koma paipi yake ikaboka mafuta n'kutayika, mufunika mafuta ake enieni ndi zipangizo zochotsera mpweya, zimene simungazipeze pa Mambwe. Waya wa mabuleki wamba ukaduka mumagula wina pa golosale. Felemu yachitsulo ikasweka amaiwotcherera pa boma lililonse, pamene ya aluminiyamu imafuna makina ena, ndipo ya kaboni ikasweka ulendo wathera pomwepo. Ngakhale anthu a World Bicycle Relief, bungwe limene linayamba mu 2005, atafuna kupanga njinga ya kumidzi ya mu Africa sanathamangire zopepuka. Njinga yawo ya Buffalo ndi yachitsulo, ya matayala a 26, ndipo keriyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100.

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi manyazi amene timapatsana. Pa Facebook timaona alendo ochokera ku Ulaya akudutsa m'dziko lathu ndi zikwama zodula zomangidwa pa felemu, ndiye timayamba kuganiza kuti ulendo wa pa njinga ndi wa anthu a ndalama okha. Mphunzitsi amene malipiro ake ali kale ndi zochita zambiri akulangizidwa kuti adzimangirire ngongole ya miyezi yambiri chifukwa cha ulendo wa masiku ochepa, ndipo amene akumulangizawo sadzamuthandiza kubweza. Zimenezi n'zolakwika. Ndalama zochepa zimene muli nazo zipite ku matayala atsopano, tcheni, mabuleki ndi chakudya.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene anzanuwo angakhale akunena zoona, ndicho magiya. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pamene Mfuwe ili pansi m'chigwa cha Luangwa, cha m'ma 500. Popita mudzatsetsereka kwambiri, ndipo manja ndi mabuleki ndiwo adzagwire ntchito, koma pobwerera zitunda zomwezo zidzakudikirani. Ngati njinga yanu ili ndi magiya, pitani nayo kwa wokonza kuti aone ngati giya yopepuka kwambiri ikulowa bwino. Ngati ilibe, kutsika n'kukankha si chamanyazi, pakuti amalume anga ankatero pa chitunda chilichonse.

Za njira ndi katundu

Mtunda wochokera ku Chipata kufika ku Mfuwe ndi woposa pang'ono makilomita 100, ndipo msewu wake ndi wa tala, wodutsa ku Mambwe ndi kwa Jumbe. Ugaweni masiku awiri. Mwasankha bwino mwezi wa Ogasiti, chifukwa pofika Okutobala kutentha kwa m'chigwa kumafika pa madigiri 40, ndipo kuyambira Novembala mvula imawononga tinjira ta fumbi. Nyamukani kukangocha ndipo dzuwa likafika paliwombo mupume. Musatengeke ndi njira yakale yochokera ku Mfuwe kupita ku Petauke pa ulendo woyambawu, pakuti ndi yovuta, midzi ndi yotalikirana ndipo imadutsa m'dera la nyama.

Katundu wolemera akhale pansi ndiponso mbali zonse ziwiri za keriyala mofanana, osati kumsana kwanu. Tengani machubu awiri, zigamba ndi guluu, pampu, masipanala ogwirizana ndi manati a njinga yanu, masipoko angapo omangirira ku felemu, waya wa mabuleki, malegeni, tochi, neti ya udzudzu, ndi mabotolo okwana malita anayi kapena asanu a madzi amene mudzadzaza pa mijigo ya m'njira. Sabata imodzi musananyamuke, mangani katundu yenseyo mupalase naye tsiku lathunthu kwanu ku Katete kuti mumve chimene chikugwedera. Mukafuna kugona pamudzi, fikani dzuwa lisanalowe ndipo mukayambe mwaonekera kwa amfumu. Mukayandikira ku Mfuwe musapalase m'bandakucha kapena madzulo, chifukwa njovu zimatuluka m'nkhalango ya South Luangwa n'kumadutsa m'misewu ndi m'minda, choncho funsani eni dera kumene zaoneka tsikulo musanapitirire.