Kodi chitetezo cha dziko chingayezedwe mfuti isanalire?

Wowerenga wina, amene akuti amagwira ntchito m'bungwe lina loona za achinyamata, watilembera pa imelo kuti: "Ine ndimadziwa kuti chitetezo cha dziko ndi asilikali, zida ndi ndalama zimene boma limapereka ku unduna wa chitetezo. Koma ndamva kuti pali mabungwe amene amayeza chitetezo poyang'ana umphawi, ulova ndi madandaulo a anthu. Amayeza bwanji? Nanga munthu wamba ngati ine angapange muyeso wotere wa dera lake?"

Zikomo bambo. Kuwerenga asilikali kumakuuzani mphamvu zimene boma lili nazo zozimitsira moto. Sikukuuzani kuchuluka kwa udzu wouma umene wazungulira nyumba. Libya inali ndi zida zambiri mu 2010, koma chaka chotsatira dziko linagawanika. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kuyeza zimene zimabala mikangano, makamaka kuchokera mu 1994 pamene lipoti la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, linanena kuti chitetezo chiyezedwe pa munthu, ndipo linatchula mbali zisanu ndi ziwiri: chuma, chakudya, umoyo, chilengedwe, chitetezo cha thupi la munthu, cha gulu lake, ndi cha ufulu wake pandale.

Muyeso wodziwika kwambiri ndi Fragile States Index, wa bungwe la Fund for Peace la ku Washington, umene unayamba kutuluka mu 2005. Uli ndi zizindikiro 12. Chilichonse chimapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 10, ndipo akawonkhetsa amafika 120. Mapointi akachuluka ndiye kuti dziko lili pa chiwopsezo. Mwa zizindikirozo muli kugawanika kwa atsogoleri, madandaulo a magulu a anthu, kulowa pansi kwa chuma, chitukuko chokondera, kuthawa kwa anthu ophunzira, kukhulupiriridwa kwa boma, ntchito zothandiza anthu monga zipatala ndi sukulu, ufulu wachibadwidwe, kuchulukana kwa anthu, othawa kwawo, ndi kulowerera kwa mayiko akunja. Wina ndi Global Peace Index wa ku Sydney, wa zizindikiro 23, koma uwu umayang'ana kwambiri ziwawa zimene zachitika kale komanso kuchuluka kwa zida, choncho suyankha bwino funso lanu.

Ife kafukufuku amene timamulemekeza kuposa miyeso iwiriyi ndi wa gulu la Political Instability Task Force, amene Jack Goldstone ndi anzake anafalitsa mu 2010. Anayesa zinthu zambirimbiri pa mbiri ya mayiko kuyambira 1955 mpaka 2003, n'kupeza kuti zinthu zinayi zokha zinkalosera chipwirikiti zaka ziwiri chisanachitike, ndipo zinkalondola koposa 80 peresenti. Zinthuzo ndi mtundu wa ulamuliro, chiwerengero cha ana omwalira asanakwanitse chaka, nkhondo m'mayiko oyandikana nawo, ndi tsankho lochitidwa ndi boma lenilenilo. Pa mtundu wa ulamuliro, oopsa kwambiri sanali maulamuliro ankhanza kotheratu ayi. Anali mayiko a demokalase yosakhwima, kumene zipani zimayenda motsata mtundu, chigawo kapena chipembedzo, ndipo wopambana amatenga zonse. Za imfa za ana musadabwe nazo. Ana sayambitsa nkhondo, koma kumene makanda akufa ambiri ndiye kuti madzi, chipatala, msewu ndi chakudya zonse zalephera pamodzi, ndipo nambala imodziyi imanyamula zonsezo.

Tsopano vuto lalikulu la miyeso yonseyi, limene tikufuna mulimvetse musanayambe wanu: imapereka nambala imodzi ya dziko lonse, pomwe mikangano imayambira pa malo amodzi. Taonani Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Mu 2010 kunapezeka gasi wochuluka m'nyanja kufupi ndi Palma. Ku Montepuez kunali kale miyala yamtengo wapatali ya ruby, ndipo kumayambiriro kwa 2017 apolisi anathamangitsa anthu masauzande amene ankakumba miyalayo paokha. Anthu a m'mphepete mwa nyanja, makamaka Amwani amene ambiri ndi Asilamu, ankadandaula kuti maudindo, ntchito ndi mapenshoni a omenyera ufulu zimapita kwa Amakonde a ku Mueda. Achinyamata ankaona magalimoto a makampani akudutsa, iwo ali chikhalire. Panalinso kagulu kachipembedzo kamene akuluakulu a mizikiti ankadandaula nako kwa zaka zingapo. Pa 5 Okutobala 2017 zigawenga zinaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia. Mu Ogasiti 2020 zinalanda tawuni yonseyo, mu Malichi 2021 zinalowa mu Palma, kampani ya Total inaimitsa ntchito yake ya gasi, ndipo mu Julayi chaka chomwecho kunabwera asilikali a Rwanda ndi a SADC. Anthu othawa m'makwawo anayandikira miliyoni imodzi.

Munthu woyang'ana nambala ya Mozambique yense m'zaka zimenezo akanaona chuma chimene chinakhala chikukula pafupifupi 7 peresenti pachaka kwa nthawi yaitali, ndipo diso lake likanapita kwa Renamo, chipani chotsutsa boma chimene chinali ndi zida, m'chigawo chapakati cha dzikolo. Avereji ya dziko inabisa Cabo Delgado. Ku Tunisia zinali chimodzimodzi: matawuni a kunyanja anali bwino, koma moto wa Disembala 2010 unayakira ku Sidi Bouzid, m'katikati mwa dziko momwe munali motsalira. Frances Stewart wa ku Oxford anaphunzitsa mfundo imeneyi bwino: chimene chimayambitsa mkangano kwambiri si kusiyana kwa wolemera ndi wosauka, koma kusiyana kwa gulu ndi gulu, pamene anthu a mtundu, chipembedzo kapena chigawo chimodzi akutsalira pa chuma ndi pa ndale nthawi imodzi.

Ndiye mukafuna kupanga muyeso wanu, yambani ndi kusankha malo aang'ono. Kuno ku Malawi ndiye maboma 28, ndipo ngati mungathe tsikirani kwa mfumu yaikulu iliyonse. Kenako sankhani zizindikiro zochepa, zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, zimene mungazipeze mobwerezabwereza. Ife tingayambe ndi mtengo wa chimanga poyerekeza ndi ganyu, ndiye kuti masiku angati a ganyu amene munthu akufunika kuti agule thumba la makilogalamu 50. Ichi chimasintha mwezi ndi mwezi ndipo chimamveka m'mimba, osati pa pepala pokha. Onjezani imfa za makanda, achinyamata a zaka 15 mpaka 24 amene sali pa sukulu kapena pa ntchito, kukula kwa munda wa banja limodzi, milandu ya malo ndi ya ufumu imene yafika kwa DC kapena kukhoti, ndi anthu amene amanena kuti sakhulupirira apolisi, makhoti ndi bungwe la zisankho. Manambala a umphawi ndi kalembera ali ku National Statistical Office ku Zomba. Za chikhulupiriro cha anthu zili mu kafukufuku wa Afrobarometer, ngakhale uyu amafunsa anthu ochepa moti amakuthandizani pa chigawo, osati pa boma limodzi. Maboma a m'malire muwapatse chizindikiro chawochawo. Anthu a ku Nsanje, Mwanza ndi Dedza sakufunika kuuzidwa chifukwa chake: nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo dziko lino linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, mu 2016 ena anafika ku Kapise ku Mwanza, ndipo kumapeto kwa 2024 ena anawolokera ku Nsanje zisankho zitavuta kwawo.

Popeza zizindikirozi zili m'miyeso yosiyana, china masiku, china mahekitala, china maperesenti, muyenera kuziika pa sikelo imodzi. Tengani nambala ya boma limene mukuyeza, chotsanipo nambala yotsikitsitsa mwa maboma onse, gawani ndi kusiyana kwa yokwereretsa ndi yotsikitsitsa, kenako chulukitsani ndi 10. Tingoyerekeza: ngati kotchipa thumba limafuna masiku 8 a ganyu, kodula masiku 28, ndipo kwanu ndi masiku 23, ndiye 23 kuchotsa 8 ndi 15, kugawa ndi 20, kuchulukitsa ndi 10, mapointi ndi 7.5. Samalani ndi zizindikiro zimene nambala yaikulu ndi yabwino, monga kukula kwa munda. Pamenepo mutembenuze, muchotse zotsatirazo pa 10. Anthu ambiri amalakwitsa apa, n'kupeza kuti boma la minda ikuluikulu ndilo lili pa ngozi.

Mukamaliza musathamangire kuwonkhetsa. Boma la mapointi 10 pa mikangano ya malo ndi 2 pa zina zonse limatuluka lamtendere pa avereji, pomwe anthu akunola zikwanje. Lembani avereji, koma pambali pake lembani chizindikiro chokwera kwambiri, komanso mmene chasinthira poyerekeza ndi miyezi 12 yapitayo. Umphawi wokhazikika nthawi zambiri suutsa anthu. Chimene chimawautsa ndi kugwa mwadzidzidzi. Zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa, sizinabwere chifukwa Amalawi anali atangozindikira kuti ndi osauka. Mafuta ndi ndalama zakunja zinasowa, malamulo opondereza anawonjezeka, ndipo njira zokambirana zinatsekeka pa nthawi yochepa.

Zolakwika zina n'zobisika. Musaike ziwawa zenizenizo pakati pa zoyambitsa, chifukwa muyeso wanu udzangokuuzani kuti kumene akumenyana kuli ndewu. Ziwawa zisungeni padera, mwachitsanzo kuchokera ku bungwe la ACLED limene limalemba zochitika tsiku ndi tsiku ndi malo ake, ndipo muzigwiritse ntchito poyesa ngati muyeso wanu wa chaka chatha unaloza malo oyenera. Dziwaninso kuti zolembedwa zotere zimadalira atolankhani, kotero Lilongwe ndi Blantyre zimaoneka zaphokoso, pomwe mudzi wakutali umaoneka chete chifukwa kulibe wolemba. Musawerenge chinthu chimodzi katatu: umphawi, kusowa chakudya ndi kupinimbira kwa ana zimayendera limodzi, ndipo mukaziika zonse muyeso wanu usanduka wa umphawi basi. Ndipo kalembera wa 2018 simungamusakanize ndi mtengo wa chimanga wa sabata yatha popanda kulemba chaka cha nambala iliyonse.

Chovuta kuyeza, koma chofunika, ndi mphamvu ya zinthu zoziziritsa mkangano. Mu 2019 Malawi inali ndi zizindikiro zambiri zoopsa: zisankho zokanidwa, mavoti otsata zigawo, zionetsero za miyezi yambiri. Koma pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko, asilikali anateteza ochita zionetsero m'malo mowawombera, ndipo chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni. Muyeso wowerenga zoopsa zokha ukanalephera kuona zimenezi. Choncho pa boma lililonse funsaninso kuti mlandu wa malo umatenga miyezi ingati kuti uweruzidwe, ndi madandaulo angati mwa amene afika kwa mfumu, kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kapena ku komiti ya mtendere amene atha anthu atagwirizana. Manambala amenewa simudzawapeza pa intaneti. Muyenera kupita kwa kalaliki wa khoti ndi mlembi wa mfumu, mupemphe kuona kaundula, ndipo muzibwererako miyezi itatu iliyonse ndi mafunso omwewo.