Mwafunsa za mpamba, koma zamabodazi zimafuna mutu kaye

Achemwali, ndaona funso lanu. Mukuti muli pa ntchito koma salale ikumatha mwezi usanathe, mwasungako kandalama ndiye mukufuna muyambe zokaoda katundu kunja, ndipo mukufunsa kuti zimayenda bwanji komanso pamafunika mpamba wochuluka bwanji. La mpambalo ndi limene aliyense amayambira ndipo ine sindithamangira kuliyankha, chifukwa anthu amakwera basi imodzi, ndalama zofanana, kukaoda shopu imodzimodzi, koma chaka chikamatha wina akuonjezera katundu wina akugulitsa foni kuti abweze ngongole. Ndiye tiyeni tikambe zimene zimawasiyanitsazo.

Njira zake nzodziwika. Opita ku Dar es Salaam amatulukira pa Songwe ku Karonga, tsidya linalo ndi Kasumulu, kenako Mbeya mpaka kukafika ku Kariakoo komwe kuli maoda. A ku Zambia amadutsa pa Mchinji kulowa Mwami, Chipata ili pafupi pomwepo, Lusaka ndiye patsogolo. Ku Johannesburg ndi ulendo wautali, Mwanza, Zobue, kudutsa mu mzinda wa Tete, kenako Nyamapanda, Beitbridge, maboda onsewo mukutsika ndi pasipoti m'manja miyendo itatupa. Izi aliyense akuuzani, ngakhale kondakitala.

Chimene sakuuzani ndi masamu. Woyamba kumene amaona mtengo wa pashopu, amasintha m'mutu kupita ku makwacha, nkuona kuti kwathu chinthu chomwecho chikugulitsidwa kawiri kuposa pamenepo, basi mtima myaa ati ndalemera. Ayi. Pa mtengo wa pashopuwo muikepo tikiti yopita ndi yobwera, malo ogona, onyamula katundu kuchoka mu shopu kukafika ku basi, ndalama ya katundu mu buti chifukwa zikwama zazikulu zija sizikwera ulele, msonkho wa paboda, zimene zimaduka posintha ndalama, thiransipoti yochoka pa depoti, kenako katundu amene afike atasweka kapena amene akhale miyezi osagulidwa, poti pa oda iliyonse samalephera. Zonsezo muzigawe pa chinthu chimodzi chimodzi. Mtengo umene watuluka pamenepo ndiye mtengo weniweni umene mwagulira, ndipo masamuwa muzipanga musanalipire, mutaimirira mu shopu momwemo ndi kakyuleta ya pafoni, mwini shopu akuyang'anani choncho musachite manyazi. Kawirikawiri mupeza kuti chinthu chimene chimaoneka cha phindu lalikulu chili ndi kaphindu kochepa chifukwa ncholemera kapena chimadya malo, pomwe tinthu ting'onoting'ono topepuka timene munatidutsa ndi timene tikanakulipirirani ulendo wonse.

Ndiye pali nkhani ya ndalama zakunja, apa ndi pamene ambiri amagwera ngakhale akale omwe. Inu mumagulitsa mu kwacha koma mumaoda mu shilling, rand, dola kapena kwacha ya ku Zambia. Mu May 2022 kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anali ndi katundu m'nyumba nkumagulitsabe pa mtengo wakale ankaona ngati zikuyenda, katundu akutha msanga makasitomala akusekerera, koma atatenga ndalama zija kuti akaodenso anapeza kuti sizikugulanso katundu wofanana ndi amene anagulitsa. M'buku munali phindu koma mpamba unali utadyeka. Ndiye mtengo wogulitsira muziuwerengera pa ndalama imene mukaodere mawa, osati imene munagulira mwezi watha, ndipo zolowerani kufunsa reti tsiku lililonse ngakhale simukuyenda. Za osintha ndalama oimirira paboda aja, amawerenga mothamanga dala, amakulankhulitsani uku akupinda manoti, ndipo ukaberedwa pamenepo ulibe kokadandaula chifukwa malonda akewo ndi osaloledwa. Ndikudziwa kuti ku banki forex imavuta, sindikunamizani, koma pamene mwaipeza mwalamulo sungani kapepala kake.

Paboda penipeni musamaope ma ofesala a MRA ngati afisi, amene amaopa ndi amene sakudziwa chimene wanyamula. Khalani ndi malisiti enieni, lembani mndandanda wa katundu yense musanafike, ndipo pezani TPIN yanu, nambala ya wolipira msonkho imene amapereka a MRA, mukadali kumudzi. Wina akuuzani kuti pemphani mwini shopu alembe lisiti ya mtengo wotsika, koma ma ofesala aja amaona katundu yemweyo tsiku ndi tsiku, mitengo amaidziwa, akakayika amaika mtengo wawo ndipo mukhoza kulipira chindapusa pamwamba. Wina akuuzani za anyamata odutsitsa katundu njira zam'tchire pa njinga. Tsiku limene zayenda mwapulumutsa pang'ono, tsiku limene zavuta katundu yense walandidwa kapena mnyamatayo wasowa naye, ndipo simungapite ku polisi kukanena kuti amene ndimazembetsa naye katundu wandibera.

Pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, timangoti STR, limene ambiri amangolimva dzina. Katundu akakhala wosapitirira malire a mtengo amene anaikidwa, ali pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, komanso anapangidwa kapena kulimidwa m'dziko limene mwamugulalo, mumadzaza mafomu osavuta paboda pomwepo popanda kulemba ajenti ndipo duty simulipira. Koma mvetsetsani bwino, VAT ndi misonkho ina imakhalapobe, ndipo nsapato zopangidwa ku China sizisanduka za ku Zambia chifukwa choti mwazigula ku Lusaka. Komanso Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, South Africa ndi Mozambique nawonso sali mmenemo, ndiye musatenge zimene mwamva pa Mchinji nkukakangana nazo pa Songwe. Pa maboda ena pali desiki yothandiza amalonda pa nkhani za STR zomwezi, pitanipo mukafunse, musachite ulesi. Malamulowa amasinthanso, mu 2025 boma linaletsa katundu wina kulowa m'dziko muno, Tanzania nayo inabwezera kwa kanthawi, ndiye musanakwere basi funsani ngati chimene mukukatengacho chikuloledwabe.

Chiyankhulo phunziraniko ndithu. Sikuti mpaka muzicheza ngati mbadwa, koma manambala, moni, kufunsa mtengo ndi kunenerera. Ku Kariakoo ukangolowa ndi Chingerezi mtengo umakwera usanakhale pansi, koma ukapereka moni wa Chiswahili nkufunsa bei ya jumla, kutanthauza mtengo wa oda, nkhope ya wogulitsa imasintha. Ndipo mukapeza wogulitsa wachilungamo mugwireni, tengani nambala yake, muzibwerera kwa yemweyo ngakhale wapafupi naye watsitsa pang'ono, chifukwa tsogolo lake ndi iyeyo amene azidzakutumizirani zithunzi za katundu watsopano pa WhatsApp, kukusungirani, mwinanso kukupakirirani pa basi inu muli kunyumba. Koma zotumiza ndalama kwa munthu amene mwangomuona pa Facebook, shopu yake simunaipondepo, izo ayi.

Kubwera ndi katundu nkosavuta, ntchito ili pomusandutsa ndalama. Inu muli pa ofesi ndiye makasitomala anu oyamba akhala anzanu a kuntchito, ndipo onse anena mau amodzi, ndikupatsa pa 25. Pa 25 pakafika wina foni yazima, wina mwana wadwala, wina akukupatsani theka ndi nkhope yokwiya ngati inu ndi amene mwalakwa. Apa pamafunika kuphunzira kukana uku mukuseka. Ngongole perekani kwa ochepa amene munawayesa kale ndi kanthu kakang'ono, alipireko kaye gawo lokwana kubweza mtengo umene munagulira, ndipo lembani dzina ndi tsiku iwo akuona. Achibale ndiye ovuta kuposa, amatenga ngati katunduyo munatola. Buku likhale limodzi la bizinesi basi, ndalama ya bizinesi ikhale pa akaunti kapena nambala yakeyake, inuyo muzidzilipira kandalama kodziwika pamwezi, chifukwa mukamatapa lero ya magetsi mawa ya fizi mudzangozindikira tsiku la ulendo kuti ya tikiti yokha ndi imene yatsala.

Ntchito musasiye kaye. Salale ija ngakhale mukuinyoza ndi imene ikulipira lendi pamene bizinesi ikuphunzira kuyenda, ndipo mpamba wa katapila musayerekeze, chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa katundu. Sankhani mtundu umodzi wa katundu umene mumaudziwa bwino, woti mukaugwira mumasiyanitsa weniweni ndi feki, zungulirani m'misika muone akugulitsa bwanji ndi masaizi ati amene amatha msanga, tolerani maoda kwa anthu ndi ka dipoziti. Ulendo woyamba pitani pa holide, ndi munthu wozolowera njirayo, mumulipirireko ngakhale chakudya, ndipo muziona mmene akuyankhulira ndi kondakitala, mmene akumangira ndi kulemba dzina pa zikwama, pamene akubisa ndalama, mafomu amene akudzaza.

Tsopano za mpamba zija. Tengani ndalama zonse za ulendo, tikiti, kogona, zonyamulira, muone kuti phindu la katundu wochuluka bwanji lingazikwirire nkutsalako. Ngati ndalama muli nazozo sizikufika pa katundu ameneyo ndiye ulendo sunakwane, phatikizani ndi mnzanu mmodzi apite, kapena yambani ndi kuoda kwa amene abwera kale nkumagulitsa konkuno mpaka zikwane. Mundiuze katundu amene mukuganiza ndi dziko lake, tiwerengere limodzi.