Ntchentche ndi mtembo wopezeka m'nyumba yotseka

Achimwene, mwafunsa ngati ntchentche zingasonyeze tsiku limene munthu wopezeka atafa m'nyumba yotseka anamwalira. Zimathandiza, koma akatswiri amayang'ana msinkhu wa mphutsi.

Ntchentche zobiriwira zija zimaikira mazira m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Kukatentha mazira amaswa patangopita tsiku limodzi, mphutsi n'kufundula kawiri. Zikakhuta zimachoka pamtembo n'kukabisala pansi pa mphasa kapena m'mphepete mwa khoma, komwe zimasanduka timakoko touma tofiirira tonga njere za mpunga. Mukapeza timakoko tobooka kale, ntchentche zatsopano zitatulukamo, ndiye kuti papita masiku ochuluka.

Vuto la m'nyumba n'lakuti mawindo akatsekedwa, ntchentche zimachedwa kulowa, nthawi zina masiku angapo. Choncho chimene chimadziwika n'chakuti munthuyo anamwalira masiku osachepera akutiakuti. Tsiku lenileni likhoza kukhala lam'mbuyo kuposa apo.

Kuno ku Zomba musaiwalenso nyengo. Mphutsi za mu Julayi pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba pomwe pamazizira, zimakula mwaulesi poyerekeza ndi za mu Okutobala ku Chinamwali, n'chifukwa chake amayeza kutentha kwa chipindacho. Ndipo apolisi asanafike, musasese, musapopere mankhwala.