Yankho kwa msuweni pa za oyendera malo a ntchito

Eee, moni nonse pagulu pano. Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani, iyi italika, amene bandulo yawathera amvere mawa.

Msuweni, iwe mkazi wanga wachikhalire, funso lako ndaliona mochedwa, ndinali m'fakitale ina ku Germiston kuno ku South Africa, foni ili m'galimoto. Walemba kuti... dikira ndiwerenge... "Kodi inu oyendera malo a ntchito mukafika pakampani mumatseka kapena mumangolemba? Ndikufunsira mnzanga wina." Mnzako wina. Eya. Iwe kuyambira ku Mtakataka, mango a agogo akasowa unkati wathyola ndi mwana wina. Mwana winayo wafika naye mpaka ku Rosettenville, eti?

Chabwino, ndiyankhe kaye zomwe walembazo, mwachangu. Ife tili pansi pa Department of Employment and Labour, lamulo lathu ndi Occupational Health and Safety Act ya 1993. Migodi si yathu, ili ndi lamulo lake la 1996 ndi oyendera ake. Ife timalowa m'mafakitale, m'magalaja, m'malo omanga. Gawo langa ine ndi zinthu zodwalitsa munthu pang'onopang'ono, fumbi, phokoso, utsi wa welding, fungo la penti ndi thinner. Tikafika timayamba ndi mapepala: mpweya wa muno unayezedwa liti, antchito anaonedwa liti ndi dokotala. Kenako timazungulira, timacheza ndi antchito eni ake. Tikapeza cholakwika timasiya kalata yoti akonze, nthawi zambiri masiku 60. Chikakhala choopsa kwambiri timaimitsa makinawo pomwepo mpaka atakonza. Kutseka kampani yonse sikuchitika kawirikawiri. Ndiye mnzakoyo ukamuuze choncho.

Koma iwe sumafunsa zimenezo. Ayi, usakane, ndikukudziwa. Lamulungu lija tikukwera masitepe a kwanu, ine kumbuyo, alamu, amuna ako, kutsogolo atanyamula chidebe... ayi, sichinali chidebe, linali thumba la ufa lija la 10 kg. Anaima pakati, ngati akuyang'ana foni. Foni inali yozima, msuweni. Ndipo nsapato zawo pakhomo paja, mbuu, kuyera.

Mmm. Ndisanafike kumeneko, ndikumbutseni za abambo aakulu, amalume ako aja. Ana aang'ono pagulu pano amangowadziwa pachithunzi cha suti chija, ndiye amvere nawo.

Iwo anapita ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za kumigodi ya kuno, ali mnyamata, asanakwatire n'komwe. Masiku amenewo ankakwera ndege ku Blantyre kukatera ku Francistown, kenako sitima mpaka ku Joni kuno. Dzina lija la depoti ya mabasi ku Blantyre, Wenela, linachokera kumeneko. Ndiye mu 1974, mwezi wa April, ndege ina itangonyamuka ku Francistown ndi anthu obwerera kumudzi inagwa. Amalawi 74 anathera pomwepo. Tsono abambo aakulu anali atalemba kalata kuti kontirakiti yatha, akubwera mwezi womwewo. Agogo atamva pa wailesi sanadikire dzina, anangoyala mphasa. Azakhali, mundikonze ngati ndikulakwitsa, inu munalipo... anthu anagona panja, nkhuku zinaphedwa, a mpingo anaimba. Patapita milungu, masana dzuwa lili pamutu, munthu uja akutulukira kuchokera ku siteshoni, suti ili pathupi, mnyamata wa ganyu kumbuyo atasenza thiranki. Chinawachedwetsa n'chiyani? Makina osokera. Anali asanamalize kulipira kwa mmwenye wina m'tauni muno, ndiye anati sindichoka popanda makina anga. Agogo akuti anayamba awamenya kaye ndi mthiko asanawakumbatire. Iwo n'kumangoseka, akuyankhula Fanakalo, chilankhulo cha kumigodi.

Fanakalo ija! Mbuzi za pakhomo paja zinkamva Fanakalo kuposa Chichewa. Iwe unkawatsanzira utavala chipewa chawo cha kumgodi, chikukufika m'mphuno.

Kamuzu analetsa anthu kupita chaka chomwecho, chifukwa cha ndegeyo. Atatsegulanso mu 1977, dzina litasintha akuti Theba, abambo aakulu anakalembetsanso, agogo akukana. Anagwira mpaka njira itatsekekanso mu 1988. Ntchito yawo inali pa makina oboola mwala, pansi penipeni. Ankanena okha pakhonde paja kuti makinawo amayendera limodzi ndi madzi, koma paipi ikavuta iwo sankadikira, ankangoboola pouma, bonasi ingawapite. Ankanena monyadira. Munthu wamphamvu, thumba la chimanga ankaliponya yekha pa ngolo.

Ndiye taonani mmene zinathera. Sizinabwere tsiku limodzi ayi. Poyamba anasiya njinga, akuti mabondo. Kenako kumunda ankafika mochedwa, n'kubwerako msanga. Kenako makina osokera aja anatulutsidwa pakhonde, akuti m'nyumba mulibe mpweya. Kuchipatala anawapeza ndi chifuwa chachikulu, anamwa mankhwala onse, anachira. Chinabwereranso. Anamwanso. Koma befu uja sanachoke, kuchoka pakhonde kufika pa mjigo ankapuma panjira. Apa ndi pomwe panabukira nkhani ya malire a munda ija... iyayi, sindiyambanso, azakhali, ndikudziwa. Ndingoti mbuzi zomva Fanakalo zija zinathera kwa asing'anga, ndipo mabanja awiri sapatsana moto mpaka lero.

Ine ndinadzamvetsa ndili kusukulu ya ntchitoyi, atationetsa X-ray ya munthu wa silicosis, matenda a mapapo obwera ndi fumbi la miyala, timadontho toyera tili mbwee kumtunda kwa mapapo. Mwala wa golide wa kuno uli ndi silika wambiri. Ukauboola pouma umatulutsa fumbi losaoneka ndi maso, limalowa mpaka pansi pa mapapo, thupi limalephera kulichotsa, pamabwera zipsera. Mapapo amauma ngati chikopa cha mbuzi choyanika padzuwa. Ndipo mapapo oterowo TB imawagwira msanga, n'chifukwa chake inkangobwerera. Mankhwala a TB ankapha TB, koma zipsera zilibe mankhwala. Matendawa si achilendo, msonkhano wa mayiko wokambirana za silicosis unachitikira mu Johannesburg momwe muno mu 1930, abambo aakulu asanabadwe. Zimandiwawa pamenepo.

Ku Braamfontein kuli a National Institute for Occupational Health, amapima mtima ndi mapapo a anthu a m'migodi akamwalira, banja likalola, kuti achibale alandire chipukuta misozi. Lamulo lake ndi la 1973. Ife tinangoika m'manda, palibe anatiuza. Azakhali, pamenepa ndimvereni bwino: thiranki ija musataye kanthu. Khadi la Theba, nambala yawo ya kumgodi, makhadi a kuchipatala, zonse. Mu 2019 khothi la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni, kwa anthu amene anagwira m'migodi ya golide ya makampani 6 kuyambira mu 1965, n'kudwala silicosis kapena TB. Akuyendetsa ndi a Tshiamiso Trust, ndipo osiyidwa nawonso amaloledwa kupempha. Mundijambulire mapepalawo, ndione ngati mgodi wawo uli pamndandanda. Wina akabwera kumudziko n'kumati perekani ndalama tikulembetseni, m'bwezeni, kulembetsa n'kwaulere.

Aaa, ndapita kutali. Ndinali pati... eya, nsapato za alamu.

Msuweni, alamu amadula miyala ya pamwamba pa makabati a kukhitchini. Ndi grinder. Pouma. Sindinafike kuntchito kwawoko, koma munthu wodula ndi madzi sabwera kunyumba nsidze zili zoyera. Granite ali ndi silika, koma mwala wopanga uja, umene azimayi a ku Sandton akuukonda masiku ano, akuti engineered stone kapena quartz, silika wake amatha kupitirira 90 peresenti. Ku Australia anauletseratu mu July 2024, chifukwa anyamata odula mwalawu ankadwala atangogwira zaka zochepa, osati zaka zambirimbiri ngati a m'migodi. Kuno malire a lamulo ndi 0.1 miligiramu mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, pa maola 8. Poyeza timamangirira kapampu palamba la munthu, kapaipi kake n'kufika paphewa pafupi ndi mphuno, amagwira nako ntchito tsiku lonse, kasefa ka mkati n'kupita ku labu. Kudula pouma m'kachipinda kotseka kumadutsa malire amenewo kutalitali. Fumbi la abambo aakulu ndi fumbi la alamu ndi limodzi, mwala womwewo wa silika.

Ndiye nkhani ndi iyi: alamu apite kuchipatala sabata ino, akapereke makhololo, akajambulitse chifuwa, ndipo akanene ndi pakamwa pawo kuti ndimadula miyala pouma, kwa zaka zakuti. Za kampani zibwere pambuyo.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa kuti ukanena, ife tifika ndi a Home Affairs, oona za mapasipoti ndi mapemiti aja, ntchito itha, lendi ikhala pa iwe wekha. Sindikunamiza, masiku ena timatuluka limodzi ndi apolisi ndi a Home Affairs, zimachitika, mumaziona pa TV. Koma kuchipatala kulibe zimenezo, kuyeza TB ndi mankhwala ake pa kiliniki ya boma n'zaulere. Ndipo lamulo la zaumoyo pantchito limateteza wantchito, silifunsa kuti wabadwira kuti. Khothi la za ntchito linagamula kale mu 2008 kuti mlendo, ngakhale pemiti yake itavuta, ndi wantchito ndithu. Lamulo lathu limaletsanso bwana kuchotsa kapena kuzunza munthu chifukwa wauza woyendera zoona. Mabwana ena amayesabe, inde, n'chifukwa chake dandaulo ukalipereka ku ofesi ya Labour umapempha kuti dzina lisatchulidwe. Ine sindingapiteko ndekha, ndi alamu anga, apita anzanga. Dokotala akapeza kuti matenda achokera kuntchito, lamulo limamuuza kuti alembere ofesi yathu, ndipo apo ndi pamene njira ya chipukuta misozi ya COIDA, lamulo lolipira ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito, imatsegukira. Popanda pepala la dokotala palibe chimene chimayenda. Abambo aakulu chinawasowa n'chimenecho.

Zina zing'onozing'ono... ayi, si zazing'ono. Mkaka umene unati bwana amawapatsa Lachisanu, amwe, ndi chakudya, koma sutsuka mapapo. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili kwina. Kamasiki ka buluu ka nthawi ya Covid kaja sikagwira fumbi limeneli. Pamafunika madzi pa grinder ndi makina okoka fumbi, masiki imangothandizira, ndipo ikhale yeniyeni, ya FFP3 kapena ya labala yokhala ndi zosefera. Kugula n'kwa bwana, sadula pamalipiro. Komanso masiki sigwira pa ndevu, mpweya umalowera m'mbali. Ndevu zija unkazitama paukwati zija, zipite. Alamu, ngati mukumvetsera, pepani, ndikulankhula ngati wa boma tsopano. Ovolosi yawo usamaikutumulire m'nyumba ana ali pomwepo, uziinyika m'madzi payokha. Kuntchito asamadzipemerere ndi paipi ya mpweya pochotsa fumbi, kumeneko ndiye kulimeza kawiri.

Mwina ndi chifuwa wamba, mphepo ya mu August ino ndi fumbi la milu ya migodi ya ku Booysens aliyense akutsokomola. Mwina ndi TB yokha, imene imachizika m'miyezi 6. Ndingasangalale kwambiri zitatero. Koma munthu wa msinkhu wa alamu saima pamasitepe ndi thumba la 10 kg. Ngati zipsera zayamba, kuzipeza msanga n'kuchoka pafumbipo ndi chokhacho chimene chimathandiza. Ndiye ndibwereze, chifukwa iwe umamva theka: kiliniki kaye, makhololo ndi X-ray, ndipo anene ntchito yawo. Akangoti ndikutsokomola basi, awapatsa mapilitsi a chimfine n'kuwabweza.

Akakana, ndipo akana, ndikuwadziwa, aziti ntchito yachuluka, usakangane nawo. Uwapatse foni azakhali awalankhule, iwo sangawayankhe mwano. Amene muli pagulu pano, nkhaniyi isatuluke, musakaifikitse ku tchalitchi Lamulungu.

Lolemba m'mawa ndili ndi mpata, ndidzabwera kudzakutengani nonse awiri, mudzanyamule pasipoti ndi ma payslip amene alipo. Bwana amuuze kuti akupita kuchipatala, asawonjezere zina. Makhololo, X-ray, ndi mawu aja akuti ndimadula miyala pouma. Ukamvera iyi undiimbire pambali, usayankhe pagulu.